Tsitsi la Nilo

São Paulo,
19 Okotobala 2008.

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni ndi manja awiri. Kodi muli bwanji ku Patacamaya? Maondo aja akukulolani kutsatira nkhosa, kapena mukungowakakamiza monga mwa chizolowezi chanu? Masokosi amene ndinatumiza aja muzivala, si osungira tsiku la phwando ayi.

Ife kuno tilipo, tonse atatu. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti pamene achimwene a Fermín akukuwerengerani zotsatirazi mtima wanu ukhale m'malo. Nilo ali moyo. Pamene ndikulemba pano wakhala pafupi ndi phazi langa, akuseweretsa zidutswa za nsalu.

Kalatayi yabwera ndi a Benita, akazi awo a Rufino, eni nyumba imene timasokeramo ndi kugonamo. Akubwera kudzaona manda a makolo awo pa tsiku la Oyera Onse. Akupatsaninso kaphukusi komanga ndi ulusi wofiira. Chonde musakamasule mpaka kalata ithe.

Amayi, ndinakunamizani. Katatu konse pafoni munafuna kumva mawu a mdzukulu wanu, ine n'kumati wagona, kapena ali ndi chifuwa. Analibe chifuwa. Anagwa, anavulala m'mutu, ndipo anam'chita opaleshoni. Pafoni pakamwa panga pankauma, ndiye ndati bola pepala, silinjenjemera mawu.

Linali Lachiwiri pa 9 Sepitembala, cha m'ma teni koloko m'mawa. Timasokera m'chipinda cham'mwamba, makina asanu ndi atatu, ndipo sabata imeneyo tinali ndi mathalauza ambiri ofunika pofika Lachisanu. Mitolo ya nsalu zodulidula inaunjikidwa pafupi ndi kampanda ka pamasitepe. Mdzukulu wanuyo mumam'dziwa pa zithunzi zokha, koma ndikuuzeni, ndi mbuzi yeniyeni, chilichonse chokwera amafuna akhale pamwamba pake. Anakwera mtolo woyamba, wachiwiri, n'kupitirira kampandako. Ine ndinali ndawerama kulowetsa ulusi m'singano. Phokoso la makina silinabise kugunda kuja. Ndikukumvabe mpaka lero.

Ndinam'peza pa simenti pansi pa masitepe, akulira mokweza. Panalibe magazi, koma kachotupa kokha pamwamba pa khutu lakumanzere. Bambo ake, a Wilber, anam'nyamula, anam'pindapinda manja ndi miyendo, nati palibe chathyoka. A Benita anati mwana wolira choncho ndi wamoyo, woopsa ndi amene wangoti zii. Anati chimene chachitika n'chakuti wadzidzimuka, ndipo mzimu wake watsala pamene wagwerapo.

Ndiye tinachita zimene munandiphunzitsa. Ndinatenga chipewa chaubweya chimene munam'lukira chija, ndinagwada pamalopo n'kumachikupiza, ndikuitana kuti Nilo bwera, Nilo usatsale pano, bwera kwa amako. A Benita ankaliza kabelu. Pofuna kadothi koti ndimuike palilime ndinasowa, chifukwa kuno pansi ponse ndi simenti, mpaka ndinachita kupala fumbi la pangodya ndi chikhadabo. Anatonthola. Anadya mpunga masipuni angapo, anaseka ndithu, kenako anayamba kuwodzera. Tonse tinati mzimu wabwerera.

Ndinam'goneka pa mulu wa nsalu pambali panga n'kubwerera pa makina. A Rufino sanandikakamize, ndisawanamizire. Ndinabwerera ndekha, ndi miyendo yangayi, ndipo ndinasoka kwa maola anayi mwana wanga akutuluka magazi m'kati mwa mutu.

Itakwana thuu koloko anasanza. Ndinam'pukuta, ndinati ndi mpunga uja. Anasanzanso, ndipo ulendo uno sanadzuke bwinobwino, mutu unkangogwera paphewa. Ndinam'tsina patsaya, osalira. Nditam'kweza chikope ndinaona mwana wa diso lakumanzere atakula, wakuda bii, pamene winayo anali wamng'ono monga mwa masiku onse. Amayi, sindinaphunzire za udokotala, koma pomwepo ndinadziwa kuti zinthu zaipa.

A Rufino anatitenga pa galimoto yawo yonyamulira katundu. Njira yonse a Wilber ankangoti, "Nilo, mwanawe, taona mabasi, taona galu uyo," koma mwana anali lende m'manja mwanga. Magalimoto anali atathithikana, ndipo a Rufino, munthu woopa apolisi ngati moto, anadutsa maloboti ofiira awiri akuliza hutala.

Kuchipatala sanatiimike pamzere. Anam'lowetsa m'makina ojambula m'mutu, ndipo posakhalitsa kunabwera dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine. Chipwitikizi changa ndi cha kumsika, koma anayankhula pang'onopang'ono akundionetsa chithunzi. Anati chigaza chang'aluka, mtsempha waduka, magazi akuunjikana n'kumapanikiza ubongo, ndipo akapanda kutsegula msanga mwana safika madzulo. Ndinamva zonse. Ndinavomera, ndipo a Wilber anasaina.

Kenako kunabwera namwino ndi makina ometera.

Apa ndi pamene pandivuta kulemba. Mukudziwa kuti chibadwire tsitsi la Nilo linali lisanakhudzidwe ndi lumo kapena sizasi, zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Linali litafika m'mapewa, litapotana mizeremizere kumbuyo. Anthu akuno ankamuyesa mtsikana, ena n'kumandinena kuti ndine mayi wauve, koma ine sindinkawalabadira. Tsiku limene ndinkakwera basi ndili ndi pakati munandigwira dzanja n'kunena zinthu ziwiri: kuti tsitsi loyamba adzalidule achimwene a Fermín kwathu pa rutucha yake, mwambo uja wometa mwana koyamba, pamaso pa abale, ndiponso kuti mwana akametedwa asanamasule lilime amakhala wosayankhula. Munanditchulira mwana wa a Saturnina uja amene mpaka lero amangoloza ndi chala.

Nditamva makina aja akulira, sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinadzigwetsa pa kabedi kaja n'kuphimba mutu wa Nilo ndi manja onse awiri. Ndinkakuwa kuti tsitsi ayi, tsegulani koma tsitsi ayi, ngati kuti angatsegule mutu popanda kumeta. Anamwino awiri anandikoka, osatheka. Mumanena kuti ndine wamakani ngati bulu wa malemu atate, ndipo tsiku limenelo ndinakuvomerezani.

A Wilber ndiwo anandimasula. Munthu uja sakweza mawu, inu mukum'dziwa, koma anandigwira kumaso n'kundiuza m'chiyankhulo chathu kuti, "Casilda, wapenga kodi? Tsitsi limamera. Mwana samera. Chotsa manja!" Ndinachotsa. Anamwino anati sizinapitirire mphindi zisanu. Ine ndimaziwerenga tsiku lililonse ndipo zimandikwanira ola.

Opaleshoni inatenga maola atatu. Tinakhala pa benchi ya pakhonde, ine ndikutafuna ngodya ya shawelo yanga, a Wilber akuyang'ana nsapato zawo. Dokotala atatuluka anati magazi awachotsa, mtsempha autseka, mwana ali moyo, koma za mawa sangalonjeze. Kenako anandifunsa nthawi imene anagwa. Nditamuuza kuti teni koloko, anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kulemba papepala. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Tisanachoke pakhondepo namwino wometa uja anabwera. Dzina lake ndi a Jurema, mayi wamkulu, wonenepa, woyenda mokoka phazi. Ine ndinkaganiza kuti abwera kudzandinyoza chifukwa ndinawakanda padzanja. Koma anatulutsa kathumba kapulasitiki m'thumba la yunifolomu n'kundiika m'manja. Munali tsitsi lonse la Nilo, analitola pansi asanasese. Anati, "Tenga mwana wanga, ndaona kuti ndi lofunika. Kwathu agogo ankasunga michombo yathu m'chitini, wina akaikhudza kunkayaka moto." Kenako anandionetsa pamene ndinawakanda, nati zikhadabo zokhazo ndikawenge. Ndinalira pachifuwa pawo ngati ndi inu.

Masiku anayi anagona osadzuka, mapaipi m'kamwa ndi m'mphuno, makina akumupumira. Ankatilola kulowa masana okha, mmodzimmodzi, titasamba m'manja mpaka m'zigongono. Mutu unali utakulungidwa, nkhope itatupa moti maso sankaoneka. Ndinkangogwira kaphazi, chifukwa ndi pokhapo pamene panalibe waya. Makina aja akasintha kaliridwe pang'ono, mtima wanga unkaima.

Tsiku lachisanu anatsegula maso. Ndinamuitana, ndipo anandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira khoma. Dzanja lamanja linali gone pabedi ngati nsanza. Patapita masiku ena awiri analira pamene ankam'baya jekeseni, ndipo ine ndinathokoza Mulungu mokweza mpaka a Jurema anaseka, nati sanaonepo mayi wosangalala ndi kulira kwa mwana chotero. Pang'onopang'ono anayamba kunditsata ndi maso, kenako kukweza dzanja lamanzere kuti ndim'nyamule. Anayamba kumeza phala. Koma mawu, ngakhale amodzi.

Asanagwe anali ndi mawu ake okwana ndithu. Ankati amama, ababa, madzi, galu, ayi. Koma amene ankawakonda kuposa onse ndi akuti changa. Supuni changa, nsapato za bambo ake changa, galimoto ya a Rufino changa, mpaka a Rufino ankamuseka kuti bwana weniweni wa nyumba ino ndi ameneyu, iwo ndi woyendetsa chabe. Zonsezo zinapita. Pakamwa pankatseguka, lilime n'kumayenda, koma chotuluka ndi mpweya wokha.

Dokotala anati mbali imene magazi anapanikiza ndi imene imasunga mawu, ndipo anapanikiza nthawi yaitali. Anati ubongo wa mwana umadziwa kulambula njira zatsopano, mawu akhoza kubwera, akhozanso osabwera onse. Ine ndinkagwedeza mutu, koma m'kati ndinkamva mawu anu a pa basi paja. Ndiye taonani pamene ndinali, Amayi. Ngati dokotala akunena zoona, wolakwa ndine chifukwa ndinachedwa, poyamba pa makina, kenako ndi manja anga pamutu pake. Ngati inu mukunena zoona, wolakwa ndinenso chifukwa ndinachotsa manjawo. Kulikonse kumene ndinkatembenukira ndinkadzipeza ndekha.

Tinatuluka patatha masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Chipsera chake chikuchokera pakhutu kuzungulira mpaka pamwamba, chopindika ngati chikwakwa. Ndinawerenga masitichi, analipo makumi awiri ndi atatu, otalikirana mofanana bwinobwino. Ine telala ndinavomera kuti amene anasoka pamenepa ntchito amaidziwa.

Chibwerereni kunyumba mantha sanandichoke. Akagona masana ndimam'kweza chikope kuti ndione diso lija, ndipo akadzuka n'kulira ndiye ndimapuma. Akatsokomola ndimathamangira beseni. Sabata yoyamba anakomoka kamodzi, thupi lonse likugwedezeka, maso atatembenuka, ndipo tinathamangiranso kuchipatala. Anam'patsa mankhwala amadzi oti azimwa m'mawa ndi madzulo, ndipo sizinachitikenso, koma ananena kuti zikhoza kubwerera. A Wilber anakhoma matabwa pamasitepe mpaka m'chiuno mwa munthu wamkulu, moti a Benita amadandaula kuti akulowa m'nyumba mwawo ngati akulumpha khola. Ine ndimam'mangirira Nilo nsalu m'chiuno, mbali ina kumwendo wa mpando wanga. Ndikudziwa kuti mwana si nkhosa, koma ndikangomva kuti nsaluyo yalefuka phazi langa limachoka lokha pa makina.

Kuyenda anayambiranso, ngakhale amakoka pang'ono mwendo wamanja. Lachitatu lililonse timapita kwa mayi wina kuchipatala amene amam'seweretsa ndi timipira kuti dzanja lilimbe, koma mwiniwakeyo amalibisa kumbuyo n'kumagwira zonse ndi lamanzere. Makani amenewo musafunse kumene anawatenga.

Za m'tauni ndilibe zambiri, chifukwa dziko langa latsala masitepe ndi chipatala. Mvula yayamba, denga likudontha pa makina a bambo a Nilo enieniwo, ndipo akusoka atafunda pulasitiki ngati wogulitsa nsomba. Mbatata zouma zimene munatumiza zinatha kalekale. Anzathu osoka anatigwira bwino, masiku onse amene tinali kuchipatala anagawana mathalauza athu n'kumatisokera. Pakati pa ine ndi a Wilber pali bata, koma za mphindi zisanu zija sitinazikambepo.

Tsopano ndifike pa kaphukusi. Lachinayi lapitali ndinali nditalemba kale kalata ina, yaifupi, yokuuzani kuti mdzukulu wanu sayankhulanso ndipo mundikhululukire. Itakwana nthawi ya chakudya chamasana anzathu anatsika, ine ndinatsala m'mwamba ndi Nilo kuti ndimange tsitsi lija. Chiperekereni a Jurema ndinali ndisanalitsegule. Ndinayala kansalu pa tebulo lodulira, ndinakhuthula kathumba kaja, n'kuyamba kusanja mizere ija umodziumodzi. Linali likununkhabe mutu wake wakale.

Sindinaone kuti waimirira. Ndinangoona kadzanja kakukwera m'mphepete mwa tebulo, kakunjenjemera, zala zikukanika kutseguka bwino. Linali lamanja, Amayi, lobisidwa lija. Anagwira muzere umodzi, wautali uja wa pankhongo. Ine mosaganiza ndinati siya, ndi za agogo izi, n'kukoka. Iye anakokanso. Anandiyang'ana nkhope itakwinyika, milomo inavutika kanthawi, kenako anati, "Changa."

Mawu ake anali okandapala ngati a munthu wodzuka kutulo, koma anali mawu. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinkafuna kukuwa kuti a Wilber abwere, koma ndinkaopa kuti ndikapanga phokoso mawuwo athawa. Ndiye ndinakokanso tsitsilo pang'ono, dala. Anakuwa ndithu, "Changa!" Bambo ake anakwera masitepe atagwira supuni m'manja, analumpha matabwa awo omwe, ndipo a Rufino kumbuyo kwawo ankati, "Mwamva? Bwana wabwera kudzatenga katundu wake!" Kenako anatembenukira kukhoma n'kumadzipukuta m'maso ndi chipewa.

Musaganize kuti zatha. Kuyambira Lachinayi wanena mawu amenewo kasanu, ndipo dzulo ananena china chofanana ndi madzi. Amama sananenebe. Dokotala wati ndi chiyambi chabwino koma ulendo ndi wautali, ndipo sakudziwa kuti ukathera pati. Ine m'mawa uliwonse ndimadzuka ndi mantha akuti mwina lero zabwerera mwakale, ndiye ndimam'landa supuni kuti ndimve ngati andikalipire. Ndasanduka mayi woputa mwana wake.

Pempho langa ndi limodzi. Musatidikire, chifukwa dokotala waletsa ulendo wautali chotero mpaka chaka chithe, ndipo ine sindingagone tulo nkhaniyi ili lende. Muitane abale pa tsiku limene mungasankhe, muyale nsalu yathu ija imene munayala pa rutucha yanga, ndipo muikepo tsitsili. Achimwene a Fermín atenge sizasi alidule, ngakhale ndi lometedwa kale, kuti nalonso likhale lodutsa m'dzanja la mbale. Inu muyang'ane kotulukira dzuwa, kumene kuli ife, mumuitane dzina lake katatu monga mumachitira, mokweza, kuti ngati pali kena kake kamene kanatsala panjira kamve mawu a kwawo. Mukatha mulisunge kudenga pamene pali langa. Mankhwala ndikum'mwetsa ndipo Lachitatu sindiphonya, musade nkhawa, koma ichi ndi chimene madokotala sangandichitire.

Zondikalipira musunge, mudzandikalipire pamaso. Ndidzakhala pansi n'kumva zonse osayankha, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga.

Mundiperekere moni kwa achimwene a Fermín, amene ndikudziwa kuti awerenga kalatayi movutika, ndi kwa alamu anga ndi ana onse. Moni kwa azakhali a ku Sica Sica, kwa amalume, ndi kwa apongozi anga, koma iwowo muwauze pang'onopang'ono chifukwa cha mtima wawo uja. Mukaona a Saturnina muwagwire chanza m'malo mwanga, muwauze kuti ndimawakumbukira kuposa kale. Pa tsiku la Oyera Onse muwauzenso atate kumanda kuti mdzukulu wawo anafika pakhomo pawo koma anabwerera. A Wilber akupereka moni kwa nonse.

Tsopano mukhoza kumasula kaphukusi. Mukaona kuti tsitsilo ndi loperewera musaganize kuti a Benita ataya panjira. Muzere wa pankhongo watsala kuno. Mwiniwake wakana, ndipo wakana ndi pakamwa pake.

Tsalani bwino Amayi, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu wamakani uja,
Casilda.